Momwe mungagwiritsire ntchito "get" osasokonezeka

Verebu ya Chingerezi ya "get" ilibe tanthauzo limodzi ndiye musavutike n'kuloweza, inu muzingoyang'ana liwu lomwe labwera pambuyo pake basi.

Choyamba, pakabwera dzina la chinthu ndiye kuti ndi kulandira, kupeza kapena kugula. "I got your message" ndi ndalandira uthenga wanu. Pakabwera liwu lofotokoza mmene munthu kapena chinthu chilili, ndiye kuti pali kusintha: "get tired" kutopa, "get sick" kudwala, "it's getting dark" kunja kukuda. Pakabwera malo ndi kufika, "I got to Limbe at 6", koma pa "home" osayikapo "to", timangoti "get home".

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ine zinandipweteka. Sabata yanga yoyamba pa ntchito ya pa risepushoni, foni ya patebulo ikulira, abwana ali ndi alendo, anangoloza n'kunena kuti "Can you get that?" Ine m'mutu mwanga "get" ndi kutenga, ndinanyamula foni yonse kuti ndiwapititsire, chingwe chinazuka kukhoma, foni n'kuduka. Woyimbayo anali kasitomala yemwe abwana ankamudikira kuyambira m'mawa ndipo tsiku limenelo sanayimbenso. Usiku sindinagone. Foni ikamalira kapena munthu akamagogoda, "get the phone" ndi yankha foni, "get the door" ndi kamutsegulire. Palibe chonyamula. Ndipo wina akati "Do you get me?" akufunsa ngati mwamva zomwe akutanthauza, yankho ndi "I get it".

Za dikishonale, chonde musagule zija zofotokopa za m'mbali mwa msewu, n'zotchipa inde koma yanga inalibe masamba angapo pa chilembo cha G pomwepo. Bola ya kaunjika koma yeniyeni, kapena tsegulani ya Cambridge pa intaneti, ndi yaulere ndipo bandulo yaing'ono ikwana. Aja amatsatsa pa WhatsApp kuti muyankhula Chingerezi m'sabata imodzi mukawatumizira ndalama, asiyeni.

Zotsalazi n'zongoloweza: "get up" kudzuka, "get on" kukwera basi, "get off" kutsika, koma galimoto yaing'ono ndi "get in" ndi "get out". Ponena zomwe zinachitika kale, "get" imakhala "got". Mukamva "have gotten" ndi a ku America, a ku Britain amati "have got".