Momwe mungatsukire mapulagi kuti mawu asamadukeduke pa sipika

Fumbi la ku Chipata likayamba mu Ogasiti limalowa paliponse, ngakhale m'mabowo a mikisa (makina osakanizira mawu) ya kwaya. Mvula ikabwera chinyezi chimagwira fumbilo, nsonga ya pulagi n'kuda bii. Tsiku lina mlaliki ali pakati pa uthenga, sipika n'kuyamba kuthetheka. Ambiri amathamangira ku msika wa Kapata kukafuna ina, chonsecho chavuta ndi kachitsulo kochepa ngati chala.

Yambani ndi kuzimitsa ampu (makina okweza mawu), kenaka mikisa, ndipo muzule pulagi pakhoma. Ngati maikolofoni imadya magetsi a phantom a 48V ochokera mu mikisa, azimitseni musanazule chingwe chake cha XLR, chija cha timano titatu.

Nyowetsani kansalu koyera, kosathothoka ulusi, ndi sipiriti yotsukira yotchedwa isopropyl alcohol ya 90% kapena kuposerapo. Pukutani jeki ya 6.35 mm, pulagi yaitali ija, mozunguliza, makamaka pakhosi pamene nsonga imakolera m'soketi. Mukayang'ana kansaluko mudzaona mzere wakuda. Pitirizani mpaka kazituluka koyera. Timano titatu ta XLR ndi kukamwa kwa RCA (timapulagi tija tofiira ndi toyera) pamafunika kamtengo ka thonje, kaja kotokosera m'khutu.

Chonde, musapale ndi mpeni kapena sandipepa. Ndaona anyamata ambiri akuchita zimenezi, ndipo zimandipweteka mtima. Pulagi imakutidwa ndi nickel kapena golide wopyapyala kwambiri. Mukampala imawala lero, koma chitsulo chamkati chimatsala pamtunda n'kuyamba kuda msanga kuposa kale.

M'soketi musakankhiremo thonje, limatsalira. Thirani contact cleaner (mankhwala otsukira polumikizira magetsi) pang'ono pa pulagi yotsuka kale, muilowetse ndi kuitulutsa kakhumi, kenaka muipukutenso. WD-40 wamba ayi, amasiya mafuta amene amakoka fumbi lina.

Kumbuyo kwa sipika, ngati waya wa mkuwa wada kapena wabiriwira, dulani nsongayo, musende pafupifupi sentimita imodzi mpaka mkuwa wowala uonekere, muupote bwino ndi kumanga zolimba. Kaulusi kamodzi kokha ka mkuwa kakakhudza pomangira waya winayo kangathe kuotcha ampu.

Dikirani mphindi zisanu kuti ziume. Poyatsa yambani ndi mikisa, ampu pomaliza, volyumu ili pansi. Wina azilankhula pa maikolofoni inu mukugwedeza chingwe pafupi ndi mutu wake. Chikathethekabe, ndiye kuti waya waduka mkati mwa pulagi, mupite nacho kwa wokonza mawailesi akachiwotcherere.