Momwe mungatetezere luso ndi zinsinsi za bizinesi yanu

Musanagule pulogalamu iliyonse ya chitetezo, yambani mwalemba zinthu zimene zitabedwa bizinesi yanu ingagwe: mndandanda wa makasitomala, kapangidwe ka katundu wanu, chizindikiro cha malonda, ndiponso mapulogalamu amene munalembetsa. Ntchito imeneyi ndi ya mwini bizinesi ndi oyang'anira, chifukwa katswiri wa makompyuta amadziwa makina, koma si iye amene amadziwa kumene phindu limachokera.

Mukatero, sankhani njira yotetezera chinthu chilichonse. Patent, chikalata cha boma choteteza luso latsopano, imakupatsani ufulu woletsa ena kugwiritsa ntchito luso lanu kwa zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, monga mwa TRIPS, mgwirizano wa mayiko woteteza umwini wa luso, umene unayamba kugwira ntchito mu 1995, koma imakukakamizani kufotokoza poyera momwe luso lanu limagwirira ntchito. Musalionetse kwa anthu musanapereke pempholo, poti m'mayiko ambiri luso lodziwika kale silipatsidwa patent. Njira ina ndiyo kusunga chinsinsi, chimene chilibe malire a zaka. Mwachitsanzo, eni ake a mafuta oteteza zitsulo ku dzimbiri a WD-40 sanatenge patent pofuna kuti kasakanizidwe kake kasadziwike.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti ambiri amaphonya. Mgwirizano wa TRIPS umateteza chinsinsi pokhapokha mwini wake atachitapo kanthu kuti chisaululike, kutanthauza kuti fayilo imene wantchito aliyense angatsegule ndi yovuta kuitchula chinsinsi pamaso pa khothi. Choncho lolani okhawo amene ntchito yawo ikufuna fayiloyo kuti aitsegule, asainitseni pangano losaulula, ndipo tsekani akaunti ya munthu tsiku lomwelo limene wasiya ntchito. Pasiwedi yokha siyokwanira. Onjezani sitepe yachiwiri yotsimikizira, monga nambala yobwera pa foni.

Musazengereze kuika zokonza zimene opanga mapulogalamu amatulutsa. Pulogalamu yoipa ya WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 mu Meyi 2017 kudzera pa mpata umene Microsoft inali itatseka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anavutika anali aja amene sanakonze makina awo. Sungani makope atatu a deta yanu, imodzi ikhale kutali ndiponso yosalumikizidwa ku intaneti, ndipo muziyesa kubwezeretsa kuti mutsimikize kuti makopewo ndi amoyo.

Onaninso amene mumagwira nawo ntchito. Akuba amene analowa m'makompyuta a Target, kampani ya masitolo akuluakulu ku America, mu 2013 anadzera pa akaunti ya kampani ina imene inkagwirira ntchito Target. Mukalemba munthu wakunja kuti akupangireni pulogalamu kapena chizindikiro, pangano linene momveka kuti umwini ukubwera kwa inu, chifukwa m'malamulo a mayiko ambiri umatsalira kwa wopangayo ngakhale mutamulipira.