Kugula Galimoto Yaliwiro Yogwiritsidwapo Kale Ntchito: Zoyenera Kufufuza Musanatulutse Ndalama

Galimoto yamphamvu yaliwiro, monga Porsche 911, BMW M3, Nissan GT-R kapena Chevrolet Corvette, imatsika mtengo zaka zikamapita, koma mtengo woisamalira sutsika nawo. Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Munthu amaona galimoto imene ili yatsopano inkagulidwa ndi anthu achuma okhaokha, lero ikugulitsidwa pa mtengo wa galimoto wamba, ndipo mtima umayamba kuthamanga, osakumbukira kuti matayala ake, mabuleki ake, kilatchi yake ndiponso makaniko wodziwa kuigwira zikadali pa mtengo wa anthu achuma omwe aja. Choncho musanayambe kuyang'ana zithunzi za magalimoto, funsani mtengo wa inshuwalansi, mtengo wa matayala anayi ndi mtengo wa sevisi yaikulu ya mtundu umene mukuufunawo. Mukatero gawani ndalama zanu pawiri, zina zogulira, zina zodikirira vuto lalikulu loyamba. Ngati ndalama zonse zikuthera pa kugula kokhako, galimotoyo simunaikwanitse, ndipo ndi bwino kutsika n'kuyang'ana ina yocheperapo.

Mukadziwa malire a thumba lanu, sankhani mtundu umodzi, zaka zake ndi injini yake, kenaka phunzirani matenda ake. Ndikuti matenda chifukwa pafupifupi galimoto iliyonse yamtunduwu ili ndi pofooka pake podziwika bwino, ndipo amene akupita kukaona galimoto osapadziwa amangosirira penti ndi mipando.

Titenge Porsche 911 ya m'badwo wotchedwa 996, umene unayamba kupangidwa mu 1997, pamodzi ndi Porsche Boxster ya nthawi yomweyo. Injini zake zili ndi shafuti yapakati imene imatumiza mphamvu ku matcheni oyendetsa mavalavu, ndipo kumapeto kwa shafutiyo kuli bering'i imene anthu amangoitchula kuti IMS. Bering'i imeneyi ikaphwanyika, mavalavu amasiya kuyenda mogwirizana ndi mapisitoni, zitsulo zimawombana, ndipo nthawi zambiri injini yonse imathera pomwepo. Si galimoto zonse zimene zimakumana ndi zimenezi, komabe funso loyamba kwa wogulitsa 996 liyenera kukhala lakuti bering'iyo inasinthidwa liti, ndipo lisiti lake lili kuti. Eni ake osamala amaisinthira limodzi ndi kilatchi, chifukwa ntchito zonse ziwirizi zimafuna kutsitsa giyabokosi. Mitundu ya Turbo ndi GT3 ya m'badwo womwewo ili ndi injini ina imene ilibe vutoli, ndipo injini zatsopano zimene zinabwera ndi magalimoto a 2009 zinalibiretu shafuti yapakatiyo. Vuto lina la injini za m'banja limeneli, makamaka za malita 3.4 ndi 3.8 za m'ma 2005 mpaka 2008, ndi kukalika kwa makoma a masilinda. Zizindikiro zake ndi kudya oyilo, kaphokoso kogogoda injini ikamalira pang'onopang'ono, ndiponso paipi imodzi ya ekizozi kuda ndi mwaye kuposa inzake, koma umboni weniweni umapezeka polowetsa kakamera m'silinda.

BMW M3 ya m'badwo wa E46, imene inapangidwa kuyambira 2000 mpaka 2006, imadziwika ndi kung'aluka kwa chitsulo chapansi kumbuyo, pamalo pamene chimango chonyamula mawilo akumbuyo chimamangidwa. Ming'aluyo simungaione mutaima pambali pa galimoto. Imafuna kuikweza m'mwamba, kupukuta dothi ndi kuunika ndi tochi. M3 yotsatira, ya injini ya V8 ya malita 4.0, imadetsa nkhawa pa mabering'i a ndodo zolumikiza mapisitoni, moti eni ake ambiri amawasintha asanayambe kulira. Mazda RX-8 ilibe mapisitoni n'komwe, ili ndi injini yozungulira imene mwachibadwa imawotcha oyilo pang'ono, ndipo ikayamba kutha mkati imavuta kuyaka ikatentha, ngakhale kuti m'mawa imayaka bwinobwino. Nayo Ferrari F355 imafuna kutsitsa injini yonse pongofuna kusintha malamba oyendetsa mavalavu, pamene pa 360 imene inalowa m'malo mwake makaniko amawafikira malambawo kudzera kuseri kwa mipando. Kusiyana kotereku n'kumene kumachititsa kuti galimoto ziwiri za mtengo wofanana zikhale zolemera mosiyana kwambiri m'thumba la mwini wake.

Mukapeza galimoto imene yakukopani, yambani ndi mapepala, galimotoyo musanaione n'komwe. Pemphani nambala ya chasisi, imene pa magalimoto ambiri amakono imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mufufuze nayo kwa olembetsa magalimoto ngati galimotoyo inabedwapo, ili ndi ngongole kapena inalembedwapo kuti inawonongekeratu pa ngozi. Kenaka pemphani malisiti a sevisi. Buku la zidindo lokha silikwanira, chifukwa chidindo chimangonena kuti galimoto inafika kugalaja, pamene lisiti limanena chimene chinachitika, oyilo amene anathiridwa ndi makilomita amene galimoto inali itayenda tsiku limenelo. Sanjani malisitiwo motsatira madeti ndipo muone ngati makilomita akukwera mwadongosolo, komanso ngati pali zaka zimene palibe cholembedwa chilichonse. Ine ndimakhulupirira kwambiri galimoto yoyenda mtunda wautali yokhala ndi mulu wa malisiti kusiyana ndi yoyenda pang'ono yopanda mbiri, chifukwa galimoto yongokhala nayonso imadwala: malabala amauma, matayala amalimba, ndipo oyilo wa mabuleki amayamwa chinyezi kaya galimoto ikuyenda kaya yaima, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Tsiku lokaona galimoto likhale masana, kunja kuli kouma, popeza mdima ndi madontho a mvula zimabisa zilema za penti. Muuziretu wogulitsa kuti asalize injini inu musanafike. Mukafika, musayambe ndi kulonjerana ndi chiwongolero. Tsegulani boneti, ikani dzanja pafupi ndi injini, ndipo mukamva kufunda, funsani chifukwa chake. Injini yozizira sibisa kanthu. Pemphani wina ailize inu mutaima kumbuyo, maso ali pa ekizozi, makutu ali tcheru pa masekondi oyambirira pamene oyilo sanafike paliponse. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, utsi wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo utsi woyera wokhuthala umene sukutha injini itatentha ungatanthauze kuti madzi oziziritsa injini akulowa m'masilinda. Kanthunzi kochepa kozimiririka msanga kunja kukamazizira si vuto ayi.

Zikatero yendani mozungulira galimotoyo pang'onopang'ono, mukuyang'ana mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi mabampala, ngati mpata wa kumanzere ukufanana ndi wa kumanja. Yang'anani mitu ya mabawuti omanga boneti ndi mapiko (mbali za thupi la galimoto zophimba matayala), chifukwa bawuti limene linakhudzidwa ndi sipanala limachoka penti m'makona mwake. Kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti n'kothandiza kwambiri pano, poti mbali imene yapakidwanso kapena kumatidwa imaonetsa nambala yokwera kuposa mbali zinzake. Ingodziwani kuti kachipangizo kodalira maginito sikagwira ntchito pa thupi la aluminiyamu ngati la Audi R8, kapena pa thupi losakhala lachitsulo ngati la Corvette. Bampala yopakidwanso chifukwa cha timiyala ta mumsewu isakuthawitseni, n'zachizolowezi pa galimoto zotsika chonchi. Chothawitsa ndi zowotcherera zachilendo pa chimango, kapena chitsulo chokwinyika pansi pa kapeti wa m'buti.

Matayala amanena zambiri za mwini galimoto kuposa zimene iye mwini angakuuzeni. Pakhoma la tayala pali manambala anayi omalizira osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mukapeza matayala okalamba, kapena a mitundu inayi yosiyana, kapena otsika mtengo kwambiri pa galimoto yotha kupitirira makilomita 250 pa ola, dziwani kuti mwini wakeyo ankaumira, ndipo amene waumira pa chinthu chooneka ndi aliyense sangakhale kuti ankawolowa manja pa oyilo amene saoneka. Pa mabuleki, pisani chala m'mphepete mwa chimbale kuti mumve ngati padyeka mpaka kusiya mlomo, ndipo muunike timing'alu tochokera pa timabowo ta chimbalecho. Ngati mabulekiwo ndi a carbon ceramic, amene zimbale zake si zachitsulo, chenjerani kwambiri, popeza zimbale zake zimakhalitsa koma n'zodula koopsa, ndipo kutha kwake sikuoneka bwino ndi maso. Amakaniko amachita kuziyeza kulemera kapena kugwiritsa ntchito chipangizo chapadera.

Funso lakuti galimotoyo inathamangitsidwapo pabwalo la mpikisano ndi lofunika, ngakhale kuti yankho lakuti inde si chifukwa choikanira. Galimotozi zinapangidwira zimenezo, ndipo munthu wopita nayo kubwalo kawirikawiri amasintha oyilo pafupipafupi kuposa wongoyenda nayo m'tauni. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti wogulitsayo akunena zoona kapena ayi. Ngati akukana koma inu mukuona timibulu ta labala tomatirira mkati mwa mapiko, penti wa mabuleki atasintha mtundu chifukwa cha kutentha, kapena mabowo a malamba a mpikisano kuseri kwa mipando, ndiye kuti zina zonse zimene wanena muziyambenso kuzifufuza. Chimodzimodzinso ndi galimoto imene kompyuta yake inasinthidwa kuti injini itulutse mphamvu zoposa zimene anaipangira, makamaka ya turbo: mphamvu yowonjezerayo imalipiridwa ndi mapisitoni, kilatchi ndi giyabokosi, ndipo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngati simunaiuze za kusinthako.

Kompyuta ya galimoto ndi mboni imene ogula ambiri amaiwala kuifunsa. Injini ili ndi chotchinga chimene chimadula petulo ikafika pa mzere wofiira wosonyeza malire a kuzungulira kwake, koma chotchingacho sichingathandize dalaivala akalakwitsa giya, mwachitsanzo kuchoka pa yachisanu n'kulowetsa yachiwiri m'malo mwa yachinayi ali paliwiro, chifukwa pamenepo mawilo ndi amene amakakamiza injini kuzungulira mopyola muyeso, ndipo mavalavu akhoza kupindika. Kompyuta ya Porsche imasunga mbiri ya zoterezi pamodzi ndi ola la ntchito ya injini limene zinachitikira komaliza. Imasunganso maola onse amene injini yalira, moti mukagawa makilomita a pa dashibodi ndi maolawo, n'kupeza liwiro lochepa mosamveka, muli ndi chifukwa chokayikira kuti makilomita anabwezedwa. Ndipo pa galimoto iliyonse yamakono, makina owerengera kompyuta amatha kusonyeza ngati zolakwika zinafufutidwa posachedwa pofuna kuzimitsa nyali yochenjeza, popeza kompyutayo imakhala isanamalize kudziyesanso yokha.

Poiyesa pamsewu, zimitsani wailesi ndipo musaiponde mwamphamvu oyilo asanatenthe. Yendani nthawi yokwanira, mumsewu wosalala ndi wamabampu womwe, mukumvetsera kugogoda kwa pansi ndiponso kuona ngati galimoto ikukokera mbali imodzi. Kuti muyese kilatchi, lowetsani giya yapamwamba muli paliwiro lochepa n'kuponda mafuta mpaka pansi. Injini ikakwera kulira koma liwiro osakwera, kilatchi yatha. Giyabokosi wa makilatchi awiri, monga PDK ya Porsche kapena wa mu GT-R, muyeseni kwambiri ponyamuka pang'onopang'ono ndi pobwerera m'mbuyo, chifukwa kunjenjemera kumaonekera pamenepo. Pamalo opanda anthu pondani mabuleki mwamphamvu kamodzi kapena kawiri, mumve ngati chiwongolero chikugwedezeka. Mukabwerera, zimitsani injini, dikirani mphindi zochepa, muilizenso ili yotentha, kenaka mugwade n'kuona ngati pansi padontha kanthu.

Zonsezi mukhoza kuchita nokha, koma sizilowa m'malo mwa makaniko wodziwa mtundu umenewo wa galimoto, wosankhidwa ndi inu komanso wolipidwa ndi inu, osati mnzake wa wogulitsa. Iye aikweze m'mwamba, ayeze mphamvu ya kupanikiza mpweya m'silinda iliyonse, aone kumene mpweya ukuthawira ngati ukuthawa, ndipo ngati wogulitsa walola, achotse fyuluta ya oyilo n'kuing'amba. Akatambasula pepala la mkati mwake padzuwa, inunso weramani muone: tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa golide kapena wa siliva m'makwinya a pepalalo ndi bering'i imene ikudyeka, ndipo zimenezi zimaoneka kalekale phokoso lisanayambe kumveka. Wogulitsa wokana kuti galimoto yake iyezedwe ndi makaniko wapadera, kapena woumirira kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni ndi galimoto yake.

Lipoti la makaniko ndilo chida chanu pokambirana mtengo. M'malo mongopempha kuti akuchotsereni, onetsani ntchito zimene zikudikira ndi mtengo wake wolembedwa, kaya ndi matayala, kilatchi kapena malamba a injini amene nthawi yake yakwana. Mukagwirizana, tsimikizani kuti dzina la pa mapepala a galimoto ndi la munthu amene mukumulipirayo, kuti nambala ya chasisi ya pa mapepala ikufanana ndi ya pa galimoto, ndiponso kuti makiyi onse ndi chomasulira mabawuti okiya mawilo zilipo. Lipirani m'njira yosiya umboni, lembani pangano losainidwa ndi nonse awiri, ndipo inshuwalansi iyambe kugwira ntchito musanatuluke nayo pageti. Ulendo woyamba ukhale wa kugalaja, akasinthe oyilo wa injini ndi wa mabuleki, ayeze kaimidwe ka mawilo, ndipo lisiti la tsiku limenelo muliike pamwamba pa malisiti amene mwalandira kwa mwini wake wakale.