Madzi ndi amene akupha maluwa a snake plant m'nyumba zanu

Nyengo yozizira maluwa a snake plant, aja a masamba aatali ochindikala oima chilili, amafa ambiri m'nyumba ndi m'maofesi, ndipo amafa imfa yofanana. Tsamba lomwe linali chilili limayamba kupendekeka. Pansi pake, pafupi ndi dothi, pamachita chikasu ndi kufewa, mukalikoka pang'ono limangozuka lokha likununkha. Mwini wake amati ndi matenda, wina amati anamugulitsa duwa lodwala kale. Koma ndikalowetsa chala mumphika ndimapeza matope. Pafupifupi paliponse pomwe ndaona zimenezi, vuto ndi kuthirira mopyola muyeso.

Duwali akatswiri a zomera ankalitchula kuti Sansevieria trifasciata mpaka mu 2017 pamene analisamutsira m'gulu la Dracaena. Kwawo ndi kumadera otentha a kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Nigeria mpaka ku Congo, ndipo thupi lake lonse linapangidwa kuti lizisunga madzi. Masamba ochindikala aja ndi nkhokwe ya madzi. Pansi pa dothi palinso tsinde lonenepa lokwawa cham'mbali, lomwe limasunga madzi ndi chakudya ndi kutulutsa mphukira. Kuwonjezera apo, zomera zambiri zimatsegula timabowo ta pa masamba masana kuti zikoke mpweya wa kaboni, ndipo potero zimataya madzi ambiri. Snake plant limatseka timabowo take masana, n'kutsegula usiku kukazizira. Mpweya womwe lakoka usiku limausunga, n'kudzaugwiritsa ntchito kukacha dzuwa likawala. Chomera chotere chimamwa pang'ono kwambiri ngakhale nthawi yotentha. Ndiye kukazizira, masiku n'kufupika, duwalo lili pakona ya chipinda kutali ndi zenera, kukula kumaima ndipo kumwa kumatsala pang'ono kulekeratu. Madzi omwe mwathira Loweruka lapitali akadali momwemo, inu mukubwera ndi ena.

Mizu imapuma. Anthu ambiri amaiwala zimenezi. Pakati pa timibulu ta dothi pamayenera kukhala mipata ya mpweya, ndipo madzi akadzaza mipata yonseyo kwa masiku ambiri mizu imabanika n'kuyamba kufa. Pa mizu yakufayo pamalowa mafangasi, kutanthauza nkhungu zowoletsa zomera, ndi tizilombo tina tofanana nawo tokonda chinyontho, monga Fusarium ndi Pythium, nthawi zina ndi mabakiteriya omwe amasungunula mnofu wa tsamba, n'chifukwa chake pamamveka fungo loipa lija. Kuwola kumachoka ku mizu kupita ku tsinde la pansi, kenako kukwera m'masamba. Zonsezi zimachitika mobisika. Masamba amakhalabe obiriwira kwa milungu ingapo chifukwa akudya zomwe anasunga, ndiye pamene mukuona tsamba loyamba likugwa, pansipo zinthu zinaonongeka kalekale.

Chopweteka kwambiri ndi ichi. Mizu ikafa, duwa silingathenso kukoka madzi ngakhale lili m'matope. Masamba amayamba kuchita makwinya ndi kufota, ndendende mmene amaonekera duwa likakhala ndi ludzu. Mwini wake akaona choncho amamva chisoni, amathamangira madzi, n'kulimaliza.

Tiyeni tiwerengere zomwe mumataya. Snake plant limakula pang'onopang'ono, makamaka m'nyumba, moti pa chaka limangotulutsa masamba ochepa chabe. Mphika wodzaza bwino, wa masamba ofika m'chiuno, ndi ntchito ya zaka zingapo, koma umatha m'mwezi umodzi kapena iwiri. Tsamba lomwe lawola silichira. Dothi la mumphikamo muyenera kulitaya chifukwa mafangasi atsalamo, ndipo mukalisakaniza ndi la maluwa ena mwasamutsa vuto. Dothi losauma limaitananso tintchentche takuda tating'ono tija timauluka mukangogwedeza mphika, tomwe timaswana pamwamba pa dothi lonyowa. Pansi pa mphika madzi amasiya chizindikiro pa thabwa kapena pa kapeti chomwe sichichoka. Ndipo amene muli ndi mtundu uja wa mizere yachikasu m'mphepete, wotchedwa Laurentii, mumataya zambiri kuposa anzanu. Tsinde la pansi likawola lonse, njira yotsala ndi kudula tsamba n'kulibzala, koma mphukira zochokera ku tsamba lodulidwa kawirikawiri zimatuluka zobiriwira zokhazokha, chikasu chija osabwereranso. Chimasungika pokhapokha mukagawa tsinde la pansi. Ndiye mumapulumutsa duwa, inde, koma si lija munalikonda.

Chomwe chimanditopetsa ndi chizolowezi chothirira potsata tsiku. Loweruka lililonse, kapena m'mawa uliwonse mukatha kusesa, maluwa onse m'nyumba amalandira madzi ofanana, kaya ndi lamasamba opyapyala lomwe limafota likangophonya tsiku limodzi, kaya ndi ili losunga madzi. Ndani anakuuzani kuti duwa limadziwa Loweruka? Chizolowezichi tinachitenga ku mbewu za panja, komwe kuli dzuwa ndi mphepo zoumitsa nthaka, komanso komwe madzi otsala amalowa pansi n'kupita. Mumphika wa m'chipinda mulibe dzuwa lotero, mulibe mphepo, ndipo madzi alibe kolowera.

Nanga za timiyala toika pansi pa mphika wopanda bowo, ndinene kangati? Anthu amakhulupirira kuti timiyalato timachotsa madzi. Achoka apita kuti, mphika uli wotseka? Amangodikha pansipo, ndipo mukathiranso amakwera mpaka kufika ku mizu. Ngakhale mumphika wobooka, timiyala sitithandiza mmene anthu amaganizira. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, amayamba adzaza kaye dothi la pamwamba pa miyalayo, ndiye mwangokweza malo onyowa kuwafikitsa pafupi ndi mizu. Enanso amakatapa dothi lamakande panja n'kulitsendera mumphika. Likanyowa limagwirana, ndipo limatenga nthawi yaitali lisanaume. Ena amati duwa lipeze malo okulira, n'kuika kamphukira kamodzi m'chimphika chachikulu. Dothi lonse lomwe mizu sinafikeko limangosunga madzi opanda wowamwa. Duwali limakhala bwino mumphika wothina, mpaka nthawi zina tsinde lake limang'amba mphika wapulasitiki likadzaza, ndipo pamenepo mpamene mungaganize zolisamutsa.

Mayi wina amene amasamala kwambiri maluwa ake anandionetsa miphika iwiri. Anagawa duwa limodzi pawiri zaka zapitazo. Mphika umodzi anauika pabalaza, pomwe alendo amauona, ndipo ankauthirira, kuupukuta masamba ndi kuuwaza madzi. Winawo anauika pakhonde la kuseri pafupi ndi zenera n'kuuiwala, ankaukumbukira mwa apo ndi apo. La pabalaza linali litagwa masamba theka, la kuseri lili njo, mphukira zikupanikizana m'mphepete mwa mphika.

"Alangizi, ndiye mukundiuza kuti lomwe ndinalitaya ndi lomwe lili moyo?"

Ndinawapempha kuti anyamule miphika yonse iwiri amve kulemera kwake. Wa pabalaza unali wolemera ndi madzi, ndipo unali m'kati mwa mphika wina wokongoletsa wopanda bowo. Titautulutsa, pansi pa mphika wakunjawo panali madzi akuda omwe anadikha kwa nthawi yaitali. Mayiwo anati, "Koma alangizi, pamwambapa pamakhala pouma, ndimagwira ine." Zoonadi pamwamba pamauma msanga. Mizu sikhala pamwamba.

M'maofesi muli vuto lina. Duwa la pakona silikhala ndi mwini mmodzi. Wokonza m'ofesi amalithirira, mlembi amalithirira, ndipo aliyense amene watsala ndi madzi m'kapu kapena m'botolo amakakhuthulira momwemo poweruka. Aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha amene amalikumbukira. Sankhani munthu mmodzi, ena onse manja kumbuyo.

Ndionjezere za mdima, chifukwa umagwirizana ndi madziwa. Ambiri amaika duwali m'chipinda chogona chotseka makatani tsiku lonse chifukwa anamva kuti limayeretsa mpweya. Nkhaniyi inachokera ku kafukufuku wa bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga la NASA wa mu 1989, yemwe anachitikira m'timabokosi totsekedwa, osati m'nyumba yokhala anthu. M'chipinda chenicheni mphika umodzi kapena iwiri sungasinthe mpweya moti mungazindikire, kutsegula zenera kumachita zambiri. N'zoona kuti duwali limapirira malo a kuwala kochepa, koma kupirira si kukondwa. Mumdima silikula, ndipo lomwe silikukula silimwa. Mukaliika mumdima n'kumalithirira ngati lili pa zenera, ndiye kuwola kumabwera msanga. Kuzizira nakonso: kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 duwali limavutika, ndipo dothi lozizira lonyowa ndi loopsa kwambiri kuposa lozizira louma.

Tsono chochita. Musathirire musanayeze. Lowetsani chala kapena kamtengo kouma mpaka pansi pa mphika, kakatuluka ndi dothi lonyowa dikirani. Mukhozanso kunyamula mphika, wouma umapepuka. Dothi likauma lonse, thirani madzi okwanira mpaka atuluke pa bowo, kenako tayani omwe agwera m'mbale ya pansi. Madzi apite pa dothi, asalowe pakati pa masamba pomwe amadikha. Nthawi yotentha zimenezi zimatha kukhala kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu, nthawi yozizira kamodzi pa mwezi kapena kupitirira, koma chala ndicho chikuuzeni. Mphika ukhale wobooka, ndipo wadothi wosapaka utoto ndi wabwino chifukwa umatulutsa chinyontho m'mbali. Dothi lisakanizidwe ndi mchenga wokhakhala wambiri. Liikeni pafupi ndi zenera lowala. Feteleza pang'ono nthawi yomwe likukula basi, nthawi yozizira ayi.

Ngati layamba kale kuwola, lizuleni lero. Kutumulani dothi lonse, dulani ndi mpeni woyera chilichonse chofewa kapena chakuda mpaka mufike pa mnofu wolimba, ndipo tsukani mpeniwo musanadule duwa lina. Siyani zidutswa zabwinozo pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume, kenako bzalani m'dothi latsopano louma, osathirira kwa mlungu umodzi. Ngati tsinde la pansi latheratu, dulani tsamba lolimba m'zidutswa za masentimita 8 kapena 10, ziume mabala, muzibzale mbali yomwe inali pansi ikhale pansi, chifukwa mukazondotsa sizimera. Mizu imatenga milungu ingapo, mphukira miyezi, musamazule kuti muone. Zodulazo musazisiye pomwe pali mphaka, galu kapena mwana wokwawa, masambawa akatafunidwa amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba.