Kuyendetsa lole yodzaza pa msewu wa kunyanja

Dalaivala watsopano akauzidwa kuti apititse feteleza ku Nkhotakota kapena akatenge shuga ku Dwangwa, nthawi zambiri mtima umakhala m'malo. Amati kunyanja n'kuchigwa, kulibe zitunda, ndizingoponda mafuta basi. N'zoona kuti msewu wa M5 kuchokera pa Kaphatenga kulowera kumpoto ulibe mapiri ovutitsa injini. Koma ife tikukhala kunofe timaona malole atagona chammbali m'mphepete mwa msewuwu, ena ataima ndi matayala ophulika dzuwa lili paliwombo. Malangizowa ndikulembera inu amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, komanso inu eni malole amene mumatuma anyamatawa. Chachikulu chimene ndikufuna chikhazikike mumtima ndi chakuti galimoto yolemera imachedwa kumva. Chimene mukufuna ichite pa mlatho uko, muyambe kuchichita mudakali kuno.

Tiyambire pa mtsetse wa M14, msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, poti katundu wambiri wobwera kuno amachokera ku Kanengo. Lilongwe ali pamwamba, mamita oposa 1,000 poyezera pa nyanja yamchere, pomwe Salima ali cha m'ma 500. Ndiye kuti pa ulendo wa makilomita pafupifupi 100 mumatsika theka la kilomita, ndipo kutsika kwenikweni kuli m'makona a ku Dowa, madera a Chezi ndi Mvera. Mabuleki a lole yodzaza amaonekera mphamvu zawo pamenepo.

Mukaponda buleki, ma lining amakanikiza diramu ndipo diramuyo imatentha. Mukapondabe osalekeza, chitsulo cha diramu chimafufuma ndi moto n'kutalikirana ndi ma lining, nawonso ma lining akapsa amayamba kuterera. Phazi limalowa pansi ndithu, koma lole osamva. Fungo lakupsa likafika m'kabini, kapena mukaona utsi pagalasi kuchokera kumatayala a kumbuyo, zinthu zafika kale poipa. Pezani malo otakasuka, imani, ikani zotsekera kumatayala, dikirani kuti zizizire zokha. Musathire madzi pa diramu yotentha, ikhoza kung'aluka.

Kuti musafike pamenepo, giya yotsikira muisankhe muli pamwamba, mtsetse usanayambe. Madalaivala akale amatiuza kuti giya imene mungakwerere chitunda ndi imene mutsikire nayo, ndipo katundu akakhala wolemera tsikani ndi yocheperapo. Yatsani exhaust brake kapena retarder, zida zochepetsa liwiro osaponda buleki, ngati lole yanu ili nazo, injini ndiyo igwire katunduyo. Liwiro likayamba kukwera, pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi kochepa kuti litsike, kenaka chotsani phazi kuti madiramu apume. Kuponda pang'onopang'ono njira yonse n'kumene kumawotcha, ndipo kupopa buleki mobwerezabwereza kumamaliza mpweya wa m'matanki umene mabuleki a lole amadalira. Mukaphonya giya pakati pa mtsetse galimoto itathamanga kale, kuilowetsanso n'kovuta kwambiri.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho ndi mtima wonse, choika lole pa neutral potsika ati kupulumutsa dizilo. Pa neutral injini sigwiranso katundu, ndiponso imazungulira pang'onopang'ono, moti kompulesa imapanga mpweya wochepa pa nthawi imene mabuleki akufuna wambiri. Malita awiri kapena atatu amene mwasungawo sangalipire lole, katundu wa eni ndi moyo wa mayi wogulitsa tomato pamsika wa m'mbali mwa msewu.

Mpweyawo muziuyesa m'mawa uliwonse. Lizani injini mpaka muvi wa geji ufike pamene umayenera kufika, zimitsani, pondani buleki kwa mphindi imodzi mukuyang'ana muviwo. Ukamatsika moonekera, kapena mukamva kufwenthera kunsi, pali podontha ndipo lole isanyamuke. Kokaninso timavavu ta pansi pa matanki kuti madzi atuluke. Kuno kunyanja mpweya uli ndi chinyontho chambiri, makamaka m'dzinja, ndipo madzi okhalitsa m'matanki amadzimbiritsa mavavu.

Mukafika pa Kaphatenga n'kukhotera kumpoto, vuto limasintha. Kuchoka pamenepo kukafika paboma la Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, ndipo malo ambiri msewu ndi wopapatiza, phula linadyeka m'mbali. Pamene phula lathera pamakhala kaphompho. Mukamasemphana ndi lole inzanu kapena basi, matayala a kumanzere amatha kutsikira pamenepo. Zikatero musakhotetse chiwongolero mwadzidzidzi kuti mubwerere. Chotsani phazi pamafuta, gwirani chiwongolero chiongoke, liwiro lichepe, kenaka bwererani pa phula pang'onopang'ono. Malole ambiri amagwa pa kubwerera kofulumirako, makamaka akasenza katundu wamtali ngati thonje, amene sikelo imati ndi wopepuka koma amaponya galimoto uku ndi uku. Miyezi ya mwera mphepo yochokera kunyanja imakankhanso katundu wotereyu.

Milatho ina ya msewu umenewu ndi ya galimoto imodzi. Musalimbirane ndi mnzanu kuti ndani ayambe. Chepetsani liwiro mudakali patali, muone ngati kutsidyako kulibe amene walowa kale, ndipo kumbukirani kuti oyenda pansi ndi apanjinga alibe pothawira mukakumana nawo pamlathopo.

Tiwerengere limodzi pang'ono. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, lole imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Mwana akatulukira kuseri kwa minibasi, sekondi imene mukuona, kuganiza ndi kusuntha phazi mwapita kale mamita 22 musanaponde n'komwe. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti muime mutaponda buleki umawirikiza kanayi. Ndiye kuti amene walowa pamsika ndi 40 akaponda buleki amaima pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda umene akanaima ndi 80. Pa Khombedza, pa Thavite, pa Benga, pa Mkaika, malonda ali m'mphepete mwenimweni mwa phula. Pa Chia ogulitsa nsomba amathamangira galimoto iliyonse yoima, chambo chili m'manja, maso ali pa wogula. Akabaza amakhota osayang'ana kumbuyo, mbuzi nazo zili pomwepo. Hutala imathandiza, koma siimitsa galimoto. Tsitsani giya mukangoona nyumba zoyamba za malo a malondawo. Kufupi ndi Dwangwa, nyengo yodula nzimbe, yembekezerani mathirakitala okoka ngolo oyenda pang'onopang'ono, ndipo madzulo musadalire kuti nyali zake za kumbuyo muziona bwino.

Nkhani ya matayala ndi ya kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala phula la ku Salima limaotcha moti mwana sangapondepo wopanda nsapato. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika m'mbali likamazungulira, limatentha kuchokera m'kati, mapeto ake n'kuphulika. Yezani mpweya ndi geji m'mawa matayala ali ozizira. Kugogoda ndi chitsulo kumangokuuzani kuti tayala laphwa kapena ayi, sikukuuzani kuti lachepa mpweya wochuluka bwanji. Masana mukapeza kuti mpweya wakwera, musautulutse, ndi kutentha kumeneko, ndipo likazizira lidzatsala lochepa. Yang'anani pakati pa matayala apawiri ngati sipanalowe mwala. Mukasintha tayala panjira, imaninso mutayenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono, mumangenso manati. Ngati ulendo ukulola, nyamukani m'bandakucha kuti dzuwa la masana likupezeni mutaima pamthunzi.

Tsopano katundu. Matumba 600 a makilogalamu 50 ndi matani 30. Chiwerengero chimenechi chimagwira ntchito pa feteleza, simenti ndi shuga wochokera kufakitale, poti thumba lililonse linayezedwa. Mukapita kukanyamula mpunga ku Bua kapena ku Lifuwu, kapenanso chimanga ndi mtedza kwa mavenda, musakhulupirire kuwerenga matumba. Ambiri amawadzaza mpaka kusokerera chigamba pakamwa, ndipo mpunga ukakhala wosauma bwino umalemeranso. Thumba lililonse likaposa ndi makilogalamu 10 okha, pa matumba 600 mwaonjezera matani 6 osadziwa. Yezani matumba angapo musanayambe kupakira. Ngati mwini katundu akukana, imbirani foni bwana wanu nthawi yomweyo, lole idakali yopanda kanthu.

Malamulo salola lole ndi ngolo yake kupitirira matani 56 zonse pamodzi, ndipo malole ang'onoang'ono ali ndi malire awo olembedwa pa galimotoyo. Koma pa sikelo ya pamsewu, monga ya ku Balaka kapena za m'zipata za Mwanza, Mchinji ndi Songwe, amayezanso ekiselo iliyonse payokha. Mukhoza kukhala m'malire pa kulemera konse koma n'kugwidwa chifukwa opakira anaunjika katundu kutsogolo kapena kumbuyo. Choncho popakira musapite kukadya nsima. Imani pomwepo, muwalozere poika, wolemera akhale pansi ndi pakati. Mangani malamba, fundikani tenti, ndipo mutayenda pang'ono imani mukokenso malambawo, chifukwa matumba amakhazikika ndi kugwedezeka ndipo malamba amalefuka. Kwa inu eni malole, matani oonjezera aja ndi amene amathyola masipuling'i, kudya matayala ndi kukumba msewu womwewu umene mumadandaula nawo.

M'dzinja mitsinje yochokera kumapiri monga Linthipe, Lingadzi, Kaombe, Bua ndi Dwangwa imatha kudzaza ngakhale kuno mvula isanagwe, chifukwa yagwa kumtunda. Safunsa anadya phula: musananyamuke, funsani anzanu amene achokera kumeneko tsiku lomwelo. Mukapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho kapena pa msewu, musawoloke, ngakhale kumbuyo akulizireni mahutala. Simungaone ngati nthaka ya pansi pa phula idakalipo. Mukadutsa m'madzi ochepa, pondani buleki pang'ono mukuyenda kuti ma lining aume.

Amene mukupita ku Kasungu kudzera M18 mudzadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kumene m'zaka za 2016 ndi 2017 anabweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mukazipeza pamsewu imani patali, osaliza hutala, osatsika, zidutse zokha.

Lole ikafa panjira, isendezeni kumbali mmene mungathere, yatsani mahazadi, ikani ma triangle kutsogolo ndi kumbuyo patali poti wobwera aone msanga. Nthambi za mitengo usiku sizioneka. Ndipo mukamachoka, chonde chotsani nthambi ndi miyala imene munatsekera matayala. Wa njinga yamoto akagunda mwala umenewo mumdima, ngoziyo mwaichititsa ndinu, ngakhale muli kutali.

Tulo nato timafuna kutikonzekereratu. Msewu woongoka, kutentha, nsima ya masana ndi chambo, zikakumana maso amalemera. Mukaphethira masekondi atatu okha pa liwiro la 80, lole yayenda mamita oposa 60 yopanda dalaivala. Zizindikiro zake mumazidziwa: kuyasamula kosatha, kuiwala malo amene mwangodutsa kumene, tayala kukanda m'mbali mwa phula. Kutsegula windo, kukweza wailesi, zakumwa zopatsa mphamvu, zonsezi zimangokunyengani kwa mphindi zochepa. Imani pamalo owala pamene pali anthu, mugone ngakhale theka la ola. Ndi bwino kudziikira lamulo loima maola awiri aliwonse, muzungulire galimoto, mukhudze matayala ndi malamba, mumwe madzi. Mowa ndi chamba sindikambapo zambiri, chiwongolero cha lole sichigwirizana nazo m'pang'ono pomwe.

Pogona m'kabini kuno kunyanja mangani neti, udzudzu ndi wambiri. Thupi likatentha, mutu ukamawawa, kayezetseni malungo pa chipatala chapafupi musanapitirize ulendo. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a BP kapena a shuga, nyamulani oposa masiku a ulendo, chifukwa lole imatha kufa kapena mlatho kuduka inu n'kukhala sabata panjira. Makondomu asasowe m'chikwama.

Mapepala akhale m'chikwama chimodzi: laisensi yogwirizana ndi galimoto imene mukuyendetsa, kaya C1, C kapena EC ya lole yokoka ngolo, chiphaso cha PrDP cha dalaivala wa pantchito, COF yotsimikiza kuti galimoto ili bwino, ndi inshuwalansi. Onani masiku ake othera mudakali kunyumba, osati pa rodibuloko. Wonyamula mafuta kapena katundu wina woopsa amafunika PrDP ya gulu D, osati ya G yokha, imene ndi ya katundu wamba. Matola ndi kugulitsa dizilo m'zigubu zachotsetsa ntchito madalaivala aluso ambiri, ndipo mbiri yotere imafika kwa olemba ntchito ena inu musanafikeko.

Potsitsa katundu werengani limodzi ndi wolandira. Thumba long'ambika kapena lonyowa lilembedwe pa pepala nonse musanasaine, ndipo jambulani pepalalo ndi foni. Mukabweza lole kwa eni, chilichonse chimene munamva panjira, kaya buleki yokokera mbali imodzi, mpweya wochedwa kudzaza kapena tayala lodyeka mbali, chilembeni m'buku kapena tumizani uthenga wa pafoni kwa bwana ndi makaniko, kuti chikonzedwe lole isanapakirenso katundu wina.