Maso akafiira, musathamangire kuthiramo chilichonse

Abale anga, nkhani ya maso ofiirayi ndimaibwereza pafupipafupi chifukwa matendawo paokha sakhala oopsa kwenikweni, chimene chimaononga maso nthawi zambiri ndi zimene anthu timathiramo tokha.

Chimene chimatupa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mbali yoyera ya diso ndi mkati mwa zikope. Diso limafiira, kumva ngati mwalowa mchenga, misozi osaleka. Ngati misoziyo ili yamadzimadzi, layamba diso limodzi kenako linalo, mwinanso muli ndi kachimfine, kawirikawiri ameneyo ndi vayirasi ndipo amatha yekha pa masiku 7 mpaka 14, nthawi zina kufika masabata atatu, ma antibayotiki sachitapo kanthu apa ngakhale mudonthezere botolo lonse. Mukadzuka m'mawa zikope zitamatana ndi manthongo achikasu kapena obiriwira, pamenepo timaganizira bakiteriya, ndiye mankhwala odonthezera a kuchipatala angathandize kuti muchire msanga. Palinso kufiira kuja kobwera chifukwa cha fumbi, utsi kapena mungu wa maluwa, maso onse awiri kuyabwa koopsa, koma kumeneko sikupatsirana ayi.

Kunyumba chitani izi. Wiritsani madzi, azizire, viikani thonje loyera mupukute kuchokera cha ku mphuno kupita kunja, kamodzi basi n'kutaya thonjelo, diso linalo thonje lakenso. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira mukaika pa zikope mutatsinzina kamachepetsa kuyabwa. Osatikita, ndikudziwa kuti n'kovuta makamaka kwa ana koma dzanja lomwelo ndi limene limasamutsa matenda kupita ku diso linalo komanso kwa anzanu. Sambani m'manja ndi sopo masekondi 20, tawulo aliyense yake, nsalu ya pilo muzichapa pafupipafupi, zopaka m'maso zimene munagwiritsa ntchito mukudwala tayani. Ovala ma contact lens, timagalasi tija toika pa diso penipeni, ayambe avula mpaka atachira.

Zoti ukayang'anizana ndi wodwala umatengera, bodza limenelo. Magalasi akuda amangothandiza kuti kuwala kusamakuthobweni.

Tsono apa mundimvetse bwino. Mkodzo, mkaka wa m'mawere, mandimu, shuga, madzi a masamba, zonsezi zisafike m'diso. Mkodzo ukhoza kukhala ndi tizilombo ta chinzonono, timeneto timaboola diso m'masiku ochepa munthu n'kukhala wakhungu. Mankhwala otsala a mnzanunso ayi, ena amakhala ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa amene amakulitsa chilonda ngati chilipo pa mbali yakuda ya diso.

Musadikire kunyumba ngati diso likupweteka kwambiri, simukuona bwino ngakhale mwapukuta manthongo, kuwala kukukulepheretsani kutsegula maso, pa mbali yakuda paoneka kadontho koyera, kapena mafinya akungotuluka zikope zitatupa. Chimodzimodzi ngati munavulala kapena m'diso munalowa mankhwala oopsa. Khanda losakwana masiku 28 likafiira maso kapena kutuluka mafinya, mayi nyamukani nalo tsiku lomwelo mupite kuchipatala, limenelo sitiyesera za kunyumba.