Kupeza cube root popanda kakyuleta

Ophunzira a Fomu 1 ndi 2 kuno ku Dedza, cube root isakuzunguzeni mutu. Mwachitsanzo, 2×2×2 ndi 8: apa 8 ndiye cube ya 2, ndipo 2 ndiye cube root ya 8. Lowezani kaye ma cube a manambala 1 mpaka 9: 1, 8, 27, 64, 125, 216, 343, 512, 729.

Titenge 17,576. Phimbani ndi chala manambala atatu akumapeto, patsala 17. Ili pakati pa 8 ndi 27. Tengani yaing'onoyo, 8, yomwe ndi 2×2×2. Lembani 2. Tsopano nambala yothera: 17,576 yathera 6, ndiye yankho nalo lithera 6. Yankho ndi 26.

Zimatheka chifukwa cube imathera pa nambala yomwe root yake yathera, kupatula 2 ndi 8, komanso 3 ndi 7, zomwe zimasinthana. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: 12,167 yathera 7, ndiye yankho ndi 23, osati 27. Njirayi imagwira pa cube yeniyeni yokha, choncho tsimikizani pochulukitsa 23×23×23.